Mazira awiri pamunda wa apongozi

Nkhani iyi sindinauzepo munthu ndi pakamwa panga. Anthu anaikamba, inde, anaikamba mpaka inasukuluka, koma iwo ankakamba mbali imene anaona ndi maso. Mbali inayo ndakhala nayo ndekha. Onse amene anaona anatsogola, wotsiriza anali mkazi wanga Esinati, ndiye ndaona kuti ndiitule. Kulemba ndaphunzira imvi zili kale mbuu, kusukulu ya kwacha, choncho mukaona mawu akupendekeka muzingodziwa kuti dzanja ili linazolowera nkhafi yopalasira bwato.

Ine ndinakulira pamadzi. Bambo anali msodzi wa pa Chilwa, ndipo ndili wamng'ono ananditenga kukakhala nawo m'zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pamwamba pa udzu woyandama pakati pa nyanja. Kumtunda tinkangobwera kudzagulitsa matemba ndi milamba pa doko la Kachulu, n'kubwereranso. Moyo unali wokoma umenewo, musandifunse. Mbalame za m'madzi ndinkazidziwa ngati abale anga: akakowa, atsekwe, avuwo, ndi tina tija timayenda pamwamba pa masamba ngati tilibe thupi. Ndinkadziwa chisa cha iliyonse. Koma za kumtunda, makamaka zoyenda dzuwa litalowa, ndinkadziwa imodzi yokha, kadzidzi, ndipo ndinkamudziwa ndi mbiri yake yokha, yoti akalira pafupi ndi nyumba muyambe kufuna matabwa.

Chaka china nyanja inaphwa, monga imachitira ikatopa nafe. Mabwato anagona pamatope ong'aluka, anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Asodzi tonse tinakwera kumtunda ngati achule osowa chithaphwi. M'pamene ndinakumana ndi Esinati akugulitsa mpunga pamsika. Anandiseka kuti ndimayenda motang'adza ngati pansi pakugwedezeka, ine n'kumuyankha kuti pakugwedezekadi chifukwa cha iyeyo. Sipanapite nthawi, ndinapezeka ndili pachikamwini kumudzi kwawo, kufupi ndi mtsinje wa Likangala.

Kumeneko sanandikonde msanga. Ankati msodzi ndi mlendo, madzi akadzabwerera adzathawa n'kusiya mwana wa eni ali ndi pakati. Mwinimbumba anali amalume ake a Esinati, a Matiyasi, bambo wamtali, wosayankhulayankhula, woti akakuyang'ana umayamba kukumbukira zolakwa zako zonse. Ndinali nditamva kuti iwo ankafuna kuti Esinati akwatiwe ndi telala wina wa pa Kachulu, munthu wa makina ake ndi nsapato. Tsiku lina ananditenga mpaka kumapeto kwa mudzi, pa tsala la apongozi anga aakazi, pamene panali mkuyu waukulu, ndipo chakumunsi kwake kunkadutsa njira yopita kumtsinje.

"Akamwini," anatero, "mvula isanagwe, pano tione mizere."

Mkamwini wolephera munda amamukulungira mkeka wake n'kumuperekeza pamphambano. Ine Esinati ndinkamufuna, ndipo kobwerera kunalibe, chifukwa kwathu kunali kutasanduka fumbi.

Ndinayamba. Khasu si nkhafi, abale. Nkhafi ukaikankha madzi amakuthandiza, koma khasu ukalimenya pansi nthaka imakubwezera. Manja anatuluka matuza, msana unalira, ndipo mizere yanga yoyamba inali yokhota ngati njira ya mlamba m'matope. Komabe ndinkapita patsogolo, mpaka tsiku limene ndinafika pakati pa munda, pomwe mphepo inaunjika masamba ouma a mkuyu uja.

Pamenepo ndinapeza mazira awiri.

Anali pansi, padothi penipeni. Panalibe chisa, panalibe udzu woyala, panalibe ngakhale kadzenje. Anangokhala moyandikana ngati wina wawaika ndi dzanja n'kuchokapo. Ndinawerama. Pachikhungwa pake panali timadontho ndi timizere tofiirira tokhotakhota. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerenga, ndiye kwa ine chilichonse chokhotakhota chinali chilembo. Ndinayang'ana dzira loyamba, ndinayang'ana lachiwiri, ndipo mtima unandiuza kuti limodzi lalembedwa dzina langa, linalo dzina la bambo anga. (Pano ndimatha kulemba dzina langa, ndipo ndikuvomereza kuti limafananabe ndi zija zinali padzira.)

Ndinaganiza motere: mbalame iliyonse imamanga chisa. Ine ndiye katswiri wa mbalame. Mazira opanda chisa si a mbalame, ndi a munthu. Ndipo munthu woika mazira pakati pa munda wa mkamwini si kuti akumupatsa ndiwo.

Ndinabwerera chafutambuyo mpaka m'mphepete.

Mawa lake ndinakasuzumira ndili patali. Mazira panalibe. Panali masamba ndi kakhungwa ka mtengo kogona pansi, basi. Ndinapuma, ndinati mwini wake wachita manyazi wadzatenga. Ndinatembenuka kukatola khasu, ndinakhosomola, ndinabwerera, ndipo mazira aja anali pomwepo, onse awiri, akundiyang'ana. Kakhungwa kaja n'kamene kanasowa.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinachedwa kuweruka. Dzuwa litangolowa, mumkuyu muja munayamba kulira kanthu, mawu amodzimodzi obwerezabwereza ngati munthu wofunsa funso losayankhidwa. Ndinati uyo kadzidzi. Kenaka ndinaona chinthu chikuuluka cham'munsi pamwamba pa malo a mazira aja, mapiko ataliatali, chopanda phokoso, chikutembenuka uku ndi uku ngati chikufuna munthu. Ndinaphatikiza: cholira mumtengo ndi chouluka pansi ndi chimodzi, ndipo ndi mlonda wa mankhwalawo. Ndinafika kunyumba khasu nditaliiwala kumunda.

Kuyambira pamenepo ndinkalima mozungulira. Mzere ukafika pafupi ndi masamba aja ndinkaupatutsa mwaulemu ngati ukudutsa pamanda. Pakati pa munda panatsala chigawo chachikulu chosalima, udzu uli chilili. Anthu odutsa m'njira anayamba kuima. Mlamu wanga wina anafuula tsiku lina, "Alamu, mwasiya Chisi pakati pa munda kuti musamasowe kwanu eti?" Onse anaseka, inenso ndinaseka ndi mano okha.

Apongozi aakazi sakanandifunsa okha, poti mkamwini ndi apongozi sayang'anana, tikakumana m'njira iwo ankapatukira kuthengo ine n'kugwada kumbali. Anatuma mwana wawo. Tikudya madzulo, Esinati anati, "Inu, amayi akufunsa. Pakati paja mukusungira ndani?"

Ndinamuuza za mazira, monong'ona. Anandiyang'ana, nati, "Nanga angakuikireni ndani? Mwalakwira ndani kuno?"

Pano ndi pamene pali mbali imene anthu sanaione. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. M'malo mwake ndinati, "Munda anandipatsa ndani? Telala ankamufuna ndani?"

Esinati anasiya kudya. "Amalume? Inu, mawu amenewo musadzawabwerezenso, ngakhale kutulo."

Sindinabwereze. Koma ndinaona kuti kambale ka ndiwo kamene ankawapatulira amalume ake tsiku lililonse, chifukwa anali ofedwa, kanasiya kupita. Akakumana nawo ankapereka moni maso ali pansi. A Matiyasi sanafunse kanthu.

Mitambo inayamba kusonkhana chakumapiri a Zomba. Kenaka uthenga unafika woti Loweruka madzulo ankhoswe akumana kuti akambe za mkamwini amene wagona pamunda. Ndinaona mkeka wanga ukukulungidwa.

Ndinathamangira ku Kachulu kwa mnzanga Jailosi, amene tinkaponya naye khoka limodzi. Nyanja itaphwa aliyense anapeza chochita, ena kuumba njerwa, ena maganyu m'minda ya mpunga. Jailosi anasankha ung'anga. (Munthu ameneyu pamadzi ankalephera kuchiza ngakhale chimfine chake.) Ndinamupeza atamanga kansalu kofiira kumutu. Anandimvetsera akugwedeza mutu ngati nkhaniyo anailota kale.

"Achimwene, mwachedwa, koma simunachedwetsetse. Mazira awiri, eti? Akanakhala atatu ndikanakuuzani kuti mukatsanzike."

Anandipatsa ufa wakuda m'chigoba cha nkhono. Ine ndinamusiyira nkhafi yanga, poti inalibe ntchito.

"Mupite m'bandakucha. Pathupi pasakhale ulusi ngakhale umodzi, mankhwala awa amadana ndi nsalu. Muwaze mozungulira mazirawo. Mlonda wake akatuluka, mumugwire. Mumve bwino, achimwene, mumugwire. Akakafika kwa mwini wake n'kukanena, mwatha."

Loweruka lomwelo, kum'mawa kutangoyamba kufiira, ndinatuluka mwakachetechete Esinati akugona. Sindikanamuuza, banja lawo linali la kumpingo kwambiri. Nditafika pansi pa mkuyu ndinavula malaya ndi kabudula n'kuzikoleka panthambi. Pokweza maso, ndinakumana ndi maso ena. Pakhomo pa mphako panali kakadzidzi kakang'ono, kotalika ngati chikhatho changa, kataima chilili, maso awiri achikasu ali kutsogolo ngati a munthu, kakundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinati yang'ana, lero ndi lero.

Ndinanyang'ama kulowa m'chigawo chosalima chija, chigoba chili m'manja. Ndinayamba kuwaza. Ndisanamalize n'komwe, kakhungwa kaja kanadzuka pansi n'kugwera poteropo. Inali mbalame. Inagwa chammbali, phiko limodzi likukhwekhwereza pansi, ikuphupha ngati nkhuku yodulidwa, kukamwa kuli yasa, kukamwa kwakukulu koti simungakhulupirire pa kamutu kotero.

Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti, ngati kadzidzi ndamusiya mumtengo, uyu ali pansiyu ndani? Ine ndinati, Jailosi ndi sing'anga! Mankhwala agwira, mlonda wathyoka phiko!

Ndinaidumphira. Inasuntha pang'ono, manja anga anagwira dothi. Inagwanso poteropo, ikuphupha kuposa poyamba. Ndinadumphanso. Inasunthanso. Nthawi iliyonse inkaoneka ngati yatsala pang'ono kufa, ndipo nthawi iliyonse inkatsala pang'ono kugwidwa. Tinadutsa mizere yanga yokhota ija, ine ndikukwawa, ndikudzuka, ndikugwa, ndikuinong'oneza kuti, "Ima, mfiti iwe, ima!" Sindinaone kuti kunja kwayera. Sindinaone kuti mkuyu ndi kabudula wanga zatsalira kutali kumbuyo. Ndinadumpha komaliza, ndinagwa chafufumimba pamalo osalala, ndipo mbalame ija inanyamuka bwinobwino, mapiko onse awiri ali amphumphu, n'kubwerera kumene tinachokera.

Malo osalalawo anali njira ya kumtsinje.

Chaka chimenecho zitsime zinali zitauma, ndiye amayi ankalawirira kukatunga madzi m'maiwe otsala mu Likangala. Nditadzuka, anali patsogolo panga, mndandanda wonse, ndowa zili pamutu. Woyamba pamndandandawo anali apongozi anga.

Kenaka ndowa ya apongozi inagwa n'kugubuduka, kulira kwake ndimakumvabe mpaka lero. Iwo anadzifunditsa chitenje kumutu n'kulowa m'tchire osayang'ana kumene akuponda. Ine mwambo unandigwira, ndinayamba kugwada monga ndinkachitira masiku onse, kenaka ndinazindikira kuti kugwada sikukuthandiza. Chimene ndinali nacho m'manja chinali chigoba cha nkhono chija, ndiye ndinabisa nacho chimene ndikanatha kubisa. (Nkhonoyo inali yaikulu ndithu, koma nkhono ndi nkhono.)

Mlamu wanga uja wa nkhani ya Chisi anali wachitatu pamndandanda. Anandiyang'ana modekha, nati, "Mwadzuka bwanji, alamu?"

Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinayankha kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu."

Pamenepo m'pamene phwete linaphulika. Ena anakhala pansi, ena anagwirana, wina ankangomenya ndowa. Ndinathawira kuseri kwa chulu chimene chinali pafupi, n'kukhala chonyonyomala. Kubwerera kumkuyu kunali kudutsa poyera, ndipo m'njira anthu sanathenso, chifukwa nkhani inafika m'mudzi madzi asanafike. Ena ankadutsa kawiri.

Dzuwa litakwera ndinamva mapazi. Anali a Matiyasi, kabudula wanga ali kunsonga kwa ndodo yawo. Anandiponyera ali chotembenuka.

"Valani, akamwini. Mukatha mundilondole."

Ndinawalondola ngati mbuzi yopita kumsika. Tinafika pafupi ndi masamba aja, anandigwira mkono kuti ndiime, naloza ndi ndodo.

"Mukuona chiyani apo?"

"Khungwa, amalume."

"Yang'anitsitsani. Khungwa lili ndi diso?"

Ndinayang'ana mpaka misozi. Pang'onopang'ono khungwa lija linasanduka mbalame yogona chamimba pansi, nthenga zake ngati masamba ouma, diso lili lotsinzina mwa theka, kamlomo kakang'ono kwambiri kokhala ndi tindevu m'mbali.

"Ameneyo ndi lumbe. Samanga chisa, chisa chake ndi iye mwini. Amaikira pansi n'kugonapo, ndipo mutha kumuponda osamuona. Mukayandikira mazira ake amadzithyola phiko dala kuti mumutsate, akakufikitsani kutali n'kukusiyani. Amachita zimenezi ndi agalu." Anaima kaye. "Kawirikawiri ndi agalu."



"Koma ndinamumva akulira mumkuyu, amalume."

"Munamva wina." Ananditengera pansi pa mtengo n'kuloza mphako. Kakadzidzi kaja kanali mommo, kakuwodzera. "Uyu ndiye wa mumtengo. Onani mmene wakhalira, chilili ngati mkulu wa mpingo. Lumbe sangaime chotero, timiyendo take n'tofooka, ngakhale akatera panthambi amagona motsata nthambiyo. Uyu maso ali kutsogolo, ndipo akafuna kuona kumbuyo amapotoza khosi. Lumbe maso ali m'mbali. Uyu amadikira panthambi, akaona chiwala kapena chikumbu amachigwera ndi zikhadabo. Lumbe alibe zikhadabo zogwirira, amangouluka kukamwa kuli yasa, ngumbi ndi agulugufe a usiku n'kumalowa okha. Inu ndinu msodzi, eti? Uyu ndi wa mbedza, uyo ndi wa khoka. Onse amatuluka dzuwa likalowa, onse amadya tizilombo todya mbewu zathu, koma sadziwana n'komwe. Uyu amaikira m'mphako, uyo padothi. Palibe wa munthu pamenepa."

Sindinawamvepo a Matiyasi akuyankhula mawu ambiri chotero, ndipo ndinaona kuti mbalamezo ankazikonda. Anandiuza kuti ali mwana, mitengo isanathe, alumbe ankadzaza njira madzulo, ena okhala ndi nthenga zazitali kumapiko zokoka ngati nsalu, moti ana ankawathamangitsa mpaka kuitanidwa kukadya. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana ndi maso awo aja.

"Ndiye munkati mazirawa anaika munthu."

"Eya, amalume."

"Munthu wake ndani?"

"Sindinaganizire munthu, amalume."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Chabwino," n'kunyamuka.

Madzulo ankhoswe anakumana monga anapanganira. Ine sanandiitane, ndipo sindikanapita. Ndinakhala kuseri kwa nyumba ndikumanga zovala zanga mumpango, kuti akabwera kudzandiuza andipeze ndakonzeka. Ndinkamva mawu patali, kenaka kuseka, kenaka mawu a apongozi akukwera, kenaka zii. Esinati anabwera kuli kachisisira. Anaona mpango uja, anaukankha ndi phazi, nakhala pansi pafupi nane.

"Amayi anati muchoke. Akuti sangathenso kudutsa njira ija osaona zimene anaona."

"Ndamva. Ndipita."

"Dikirani, sindinathe. Amalume anakana. Anati, munthu waulesi akapeza choopsa pamunda amakondwa, chifukwa wapeza chonamizira. Uyu sanathawe, analima mozungulira, ndipo zitamukanika anakavulira mundawo. Anati uchitsiru umatha munthu akakhalitsa pamudzi, koma ulesi sutha. Anati mukhale." Anayamba kuseka, anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti, "Nkhono, inu! Nkhono!" Kenaka kuseka kunatha. Anapukuta m'maso, nati chapansipansi, "Amene akuikirani kumbuyowa ndi omwe aja munawatchula."

Anadzuka, anapatula ndiwo m'kambale, n'kupita nako yekha kwa amalume ake.

Ndinakhala m'mudzimo moyo wanga wonse. Nyanja inabwerera, ine sindinabwerere. Ana anabadwa, anakula akumva anthu akunditchula kuti a Lumbe osadziwa chifukwa chake. Apongozi anadzandikhululukira, ngakhale kuti mpaka imfa yawo akandiona patali ankayamba kukonza chitenje kumutu. Zonsezo zinali zopepuka. Cholemera chinali chimodzi, choti munthu amene anandisungira banja ndinali nditamuyesa mfiti pamaso pa mwana wa mlongo wake, n'kumunamizanso pansi pa mkuyu.

Sikuti sindinayese. Kutacha, m'mawa wotsatira tsiku la nkhono lija, ndinatsitsa mlamba wouma wotsiriza umene ndinkasunga kudenga, ndinatenga khasu, n'kupita kukawafuna. Njira yonse ndinkayeserera mawu: amalume, ndinakulakwirani, munthu amene ndinamuganizira ndi inu. Ndinawapeza kumunda kwawo, ali okha, akulimbana ndi mzere.

Anaweramuka. "Mwabwera ndi mawu, akamwini?"

Mawu aja anafika pakhosi n'kugona chamimba, osaonekanso. Sanatuluke tsiku limenelo, ndipo sanadzatuluke mpaka tinakawaika a Matiyasi m'manda.

"Ayi, amalume," ndinatero. "Ndabwera ndi khasu."

Ndinaika mlamba uja pachitsa, ndinalavulira m'manja, n'kulowa mumzere wawo.